Kalata Yodzera pa Nama

Ndisanagwire kompyuta ndinali wotayipa. Ndinkakhala pa katebulo m'sitolo ya zolembera pa boma la Dedza, moyang'anana ndi msewu waukulu, ndipo anthu ankandibweretsera makalata ofunsira ntchito, mfundo za misonkhano ya mpingo ndi mafunso a mayeso kuti ndiwatayipire. Ndinali ndi ana awiri nthawi imeneyo, ndipo amuna anga ankagwira ntchito m'nkhalango ya paini ya m'phiri. Mwini sitolo anali bambo wachisilamu wa ndevu zoyamba imvi, munthu wosakonda phokoso. Ali mnyamata anagwirako ntchito kugombe la ku Tanzania, ndipo anabwerako ndi chizolowezi chomwa tiyi wothira tsabola wakuda kukazizira. Ine ndinkawatchula kuti abwana, iwo ankanditchula kuti achemwali.

Tsiku lina m'nyengo yachisanu anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi makatoni awiri, pamodzi ndi bambo wina wamfupi wodziwa za mawaya.

"Achemwali, taipi ija ipumuleko. Izi ndi zanu," anatero abwana.

Bambo wa mawayayo analumikiza makompyutawo ku chingwe cha lamya. Atadina penapake, kabokosi kamene kanali pambali kanayamba kulira ngati mbuzi yomangidwa pa njinga popita kumsika. Ndinaimirira kuti ndikazimitse magetsi, koma iye anandiletsa. Anati kulirako ndiye kugogoda pakhomo, ndipo kukasiya ndiye kuti atitsegulira, talowa pa intaneti. Anandiphunzitsa masiku awiri. Pochoka anandilembera mayina atatu pa pepala n'kulimata pakhoma. Loyamba linali Gulo, kofunsirako chilichonse. Lachiwiri linali Nama, kotumizirako makalata. Lachitatu linali Bibi, kochezerako ndi anthu akutali polemberana pompopompo.

Ndinawerenga kawiri, kenako ndinaseka mpaka misozi. Ndinamufunsa ngati akundiyesa. Iye anati ayi, mayinawo anawapereka ndi eni ake kutsidya kwa nyanja, anthu oti sanamvepo kuti padziko pali chinenero chathu. Abwana anavala magalasi, anawerenga pepalalo, ndipo anangoti kugombe kuja dzina lachitatulo ndi laulemu, amatchulira mayi wachikulire. Ndinawauza kuti kuno si kugombe.

Anthu anayamba kubwera, ambiri kudzangoona. Ocheka matabwa akatsika m'phiri Loweruka ankaima pakhomo ndi utuchi m'tsitsi, kusuzumira. Mmodzi wa iwo anati iye gulo amamudziwa, ndi buluzi uja amakhala pamwala n'kumagwedeza mutu kuvomera chilichonse, ndiye palibe chifukwa chomufunsira nzeru. Mphunzitsi wina wa ku Lobi anakhala pansi mwaulemu n'kundipempha kuti ndilembe dzina la mudzi wake. Tinadikira. Gulo anabweretsa dzina la mtsinje wina wa kudziko lina ndi chithunzi cha sitima. Aphunzitsiwo anaimirira akumwetulira, ngati munthu amene wagwira mwana wasukulu akubera mayeso.

"Ndiye kuti sadziwa zonse," anatero, n'kutuluka ali osangalala.

Dzina lachitatu lija amayi sankalitchula n'komwe. Ankangoti "kachitatu kaja." Ine ndemwe ndinalimata ndi kachidutswa ka pepala, chifukwa ana asukulu ankabwera dala kudzaliwerenga mokweza n'kuthawa. Koma limene linativuta kwenikweni linali Nama, popeza ndilo anthu ankalifuna. Amene anali ndi abale ku Joni kapena kutali kwina ankamva kuti kalata ikhoza kufika tsiku lomwelo, koma akaona dzinalo pamwamba pa galasi la kompyuta ankakayika. Mayi wina wogulitsa kabichi anandifunsa kuti, ngati chinthucho chikuchita kudziulula chokha, ine ndikufuna umboni wina wotani. Ndinkangoti yesani, muone.

Ine ndinali nditayesa kale. Mng'ono wanga, namwino, anali atapita ku Ulaya ndi mwamuna wake kukagwira ntchito m'chipatala. Makalata ake a pa positi ankatenga milungu itatu, mwina inayi, ndipo ankafika atanyowa m'mbali. Nditamulembera pa positi kuti tsopano tili ndi makina, anandiyankha pa Nama, ndipo kuyambira pamenepo tinkalemberana kawiri pa mlungu. Ndinkadziwa kuti ndi woyembekezera. Bambo athu, amene ankakhala okha ku Kaphuka chimwalirireni amayi, ankadziwanso, koma kudzera m'kalata ya pamanja imene ankaisunga m'buku lawo la mapemphero.

Lachinayi lina m'mawa ndinapeza kalata yochokera kwa alamu anga. Inali yaifupi. Mwana wabadwa, wamkazi, koma masiku asanakwane. Amuika m'kabokosi kagalasi kotenthetsera. Mayi ake ali bwino. Wansembe wa pachipatalapo akufuna kumubatiza Loweruka chifukwa madokotala sakulonjeza kanthu. Mng'ono wanga akupempha kuti bambo atchule dzina.

Ndinasindikiza kalatayo, ndinawaonetsa abwana, ndipo iwo sanadikire kuti ndipemphe.

"Pitani, achemwali. Pano ndikhalapo ndine."

Ndinakwera lole imene inkabwerera kumudzi itatsitsa mbatatesi. Ndinafika dzuwa litapendeka, ndipo bambo ndinawapeza kudimba akukwezera mizere. Anali munthu wamtali, wowonda, mtsogoleri wa mphakati, kagulu ka mapemphero ka m'mudzimo, kwa zaka zambiri, wodziwa kuwerenga bwino ndiponso wonyadira zimenezo. Tinapatsana moni, anandifunsa za ana ndi za bambo awo, ndipo nditawauza nkhaniyo anaika khasu pansi n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Kenako anapukuta manja pa buluku n'kulandira pepalalo.

Analiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Analitembenuza kuseri, kumene kunalibe kanthu.

"Envulopu yake ili kuti?"

"Ilibe envulopu, bambo. Yabwera pa kompyuta."

"Nanga walemba ndani? Dzanja ili si la mkamwini wanga. Ili ndi dzanja la makina ako aja."

Ndinayesa kufotokoza kuti alamu anga alemba kumeneko, mawuwo n'kudutsa m'mawaya. Bambo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Ndiye anaika chala pamwamba pa pepala, pamene panali zilembo zinayi zikuluzikulu.

"Nanga apa palembedwa chiyani?"

Ndinayang'ana kumbali, koma anandiyandikizira pepalalo.

"Werenga, mwana wanga. Sukulu unapita."

"Ndi dzina chabe, bambo. La kampani yake."

Sanaseke, ndipo sanakwiye. Anati dzina la munthu si chinthu choponya m'chitsime choti sukuona pansi pake. Anati ngati nkhaniyi ndi yoona, ndiye kuti mdzukulu wawo ali pakati pa moyo ndi imfa, ndipo iwo sangalole kuti dzina lake likafike kwa anthu osadziwika, kapena likasinthidwe panjira. Ngati si yoona, ndiye kuti pali wina amene akusewera ndi banja lawo. Anafuna kulemba kalata ya pamanja. Ndinawakumbutsa kuti ubatizo ndi mkuja. Anayang'ana mizere imene inatsala, anatola khasu, ndipo anati tipita limodzi m'mawa, akaone okha.

Tinanyamuka nkhungu isanachoke m'zigwa. Bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa, ndipo m'thumba anaikamo buku la mapemphero lija. Pa lole anakhala pamwamba pa matumba, msana uli chilili. Titafika pasitolo, abwana anatuluka kudzawalonjera ndi manja awiri.

"Wawa, akuluakulu. Mwayenda bwanji ndi chisanu chimenechi?"

"Tayenda bwino, kaya inu achimwene. Ndabwera kudzaona wabodza wanu uja."

Abwana anaseka chapansipansi, n'kuwakokera mpando. Kabokosi kaja katayamba kulira, bambo anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Ndinawaonetsa kalata ya alamu anga pagalasi, ndinawaonetsanso makalata akale a mng'ono wanga. Anawerenga awiri. Anavomera kuti kayankhulidwe kake ndi komweko, koma anati munthu amene anakula naye nyumba imodzi akhoza kukatengera. Anandiyang'ana ponena zimenezi, ndipo ndinazindikira kuti ngakhale ine sanandichotse pa mndandanda wa okayikiridwa. Mwina ankaganiza kuti ndalandira uthenga woipa kwambiri ndipo ndikuwabisira pang'onopang'ono.

"Lemba izi," anatero. "Osawonjezera kanthu. Uti: Ndine bambo ako. Tsiku limene ndinakuperekeza panjinga popita ku sekondale ulendo woyamba, tinaima pati, ndipo ndinanena chiyani?"

Ine za ulendo umenewo sindinkadziwa kanthu, chifukwa nthawi imeneyo ndinali kale pabanja. Ndinalemba monga ananenera. Anandiuza kuti ndiwerenge mokweza, ndinawerenga, ndipo anagwedeza mutu. Nditadina potumizira, mawuwo anachoka pagalasi.

"Apita?"

"Apita, bambo."

"Ndiye tidikire."

Tinadikira. Kunabwera anthu ofuna mapensulo ndi ofuna kujambulitsa ziphaso, ndipo bambo anakhalabe pampando paja, akuyang'ana galasi ngati mmene amayang'anira thambo mvula ikachedwa. Ola lililonse ndinkalumikiza, kabokosi n'kulira, koma kunalibe kanthu. Ndinawauza kuti alamu anga ayenera kuti ali m'chipatala, ndipo yankho silingabwere mpaka atapita pamene pali kompyuta.

Linali Lachisanu, ndipo masana abwana ankatseka sitolo kupita kumzikiti. Tsiku limenelo sanatseke. Anandisiyira makiyi, anatumiza tiyi ndi mandasi kuchokera kunyumba kwawo, n'kuwauza bambo kuti akakapemphera akamutchulanso mwanayo, ngakhale alibe dzina.

"Mwini wake amudziwa," anatero bambo. Abwana anavomera ndi mutu n'kumapita.

Tiyi wa tsabola uja bambo anamumwa akukwinya nkhope, koma anamaliza kapu yonse. Ali pakati pomwa anayamba kundiuza za mbatatesi zawo, kuti chiwawu chagwira mizere ya kumunsi, ndiponso kuti mbewu imene anagula chaka chatha sinali yabwino. Ndinadziwa kuti akuyankhula pofuna kuti asaganize zinazo, choncho ndinkangovomera.

Yankho linafika abwana atangobwerako. Ndinaona dzina la mng'ono wanga pamzere wapamwamba. Bambo anati maso awo atopa ndi kuwala kwa galasi, ndiwawerengere. Abwana anafuna kutuluka, koma bambo anawagwira mkono kuti akhale mboni.

Kalatayo analemba ndi alamu anga, koma mawu anali a mng'ono wanga, akunena ali pabedi. Inati: Bambo, tinaima pa kamlatho ka mitengo kaja, tcheni cha njinga chitagwa. Munatulutsa mbatatesi ziwiri zootcha m'thumba la jekete, ndipo munandipatsa zonse, mukunena kuti inu mwadya kale, pamene ndinkadziwa kuti simunadye. Munati, ukakaona kuti zakukanika ubwere, usachite manyazi, munda ulipo. Kenako munalira, n'kunena kuti ndi mphepo ya m'phiri, ndipo munandiuza kuti ndisakawauze amayi. Sindinawauze. Mwana akupuma yekha kuyambira m'mawa. Tikudikira dzina.

Nditamaliza kuwerenga ndinatembenuka. Abwana anayamba kusanja mabuku amene anali osanjidwa kale. Bambo anatsokomola kawiri, anatulutsa kampango, anapukuta mphuno.

"Za kulirazo wawonjezera," anatero.

Palibe amene anawatsutsa. Anatsegula buku la mapemphero, anatulutsa kalata ya pamanja ija n'kuiyang'ana, kenako anaibwezeramo. Anavala chipewa, anachivulanso. Ndiye anakokera mpando pafupi ndi galasi, n'kuyankhula mokweza, molunjika pakompyutapo, ngati akuyankhula ndi munthu wogontha pang'ono. Anayamba ndi moni kwa mkamwini wawo, moni kwa wansembe amene sanamuonepo, moni kwa anamwino onse a m'chipindamo. Ine ndinkatayipa. Atamaliza moni anatchula dzina. Linali dzina la ubatizo la amayi athu.

Ndinaima kaye. Chimwalirireni amayi ndinali ndisanamvepo bambo akulitchula. Ankangoti "mayi anu." Anandiuza kuti ndilembe kawiri, mwina chilembo china chingagwe panjira, ndipo ndinalemba kawiri. Anaunika chilembo chilichonse ndi chala chawo chokhakhala, mpaka pagalasi panatsala kadothi ka kudimba. Kenako anati nditumize.

Madzulo a tsikulo anakana kugona kwathu. Anati mbuzi zilibe wozitsekera. Ndinawaperekeza pokwerera, ndipo lole itayamba kuyenda anafuula kuti ndiwauze za ubatizo ndikangomva. Lolemba ndinatuma uthenga kudzera mwa woyendetsa lole yemwe uja, kuti mwana wabatizidwa ndipo wayamba kuyamwa.

Patapita milungu ingapo, mng'ono wanga analemba kuti atuluka m'chipatala ndipo watumiza chithunzi. Sindinachitsegule. Ndinadikira tsiku la msika, pamene bambo anabwera ndi matumba awo a mbatatesi. Atagulitsa anafika pasitolo atavala jekete lomwe lija, ndipo anapeza anthu angapo atasonkhana, chifukwa mbiri inali itamveka kuti lero munthu atuluka m'makina. Panali mayi wa kabichi uja, ocheka matabwa awiri, ndi mlongo wina wa kumishoni, sisitere, amene anabwera kudzagula choko.

Masiku amenewo chithunzi sichinkabwera kamodzi. Chinkatsika kuchokera pamwamba, kamzere kamzere, ngati nsalu ikuyanikidwa. Poyamba tinaona khoma loyera. Kenako mpango wa kumutu wa mng'ono wanga. Kenako mphumi yake, maso ake, ndipo bambo anati, "Wawonda." Chibwano chake chitangotuluka, magetsi anazima.

Anthu onse anadandaula pamodzi. Mmodzi wa ocheka matabwa anati iye ankadziwa kale kuti zithera pamenepo. Bambo sanasunthe. Anati munthu amene wadikira miyezi sangalephere kudikira magetsi. Ena anabalalika, koma mlongo uja ndi mayi wa kabichi anatsala, akucheza za mitengo ya feteleza. Magetsi atayaka tinayambanso kuchokera pa khoma loyera lija. Ulendo uno chithunzi chinapitirira chibwano, chinafika pa phewa, pa bulangete lachikasu, kenako panatuluka kamutu kakang'ono kovala kachipewa koluka, maso otsinzina, ndi kadzanja kofumbata pafupi ndi khutu.

Mayi wa kabichi analulutira. Mlongo uja anati Mulungu alemekezeke. Bambo anayandikira mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali.

"Makutu ndi akwathu," anatero pomaliza. "Mphuno ndi ya kwa bambo ake, koma palibe kanthu."

Makina athu osindikizira analibe mitundu, ndiye chithunzicho chinatuluka chakuda ndi choyera, chamizeremizere. Ndinachita nacho manyazi, koma abwana anachiika m'kathumba ka pulasitiki kosungiramo ziphaso n'kuwapatsa bambo. Kunja kunali kukuwaza mvula yamawawa, ndipo bambo anachilowetsa mkati mwa malaya, pachifuwa, asanatuluke. Ndinamva pambuyo pake kuti Lamulungu anachiyendetsa m'manja mwa anthu onse a mphakati, mmodzimmodzi, akuwauza kuti agwire m'mbali.

Kuyambira pamenepo ankabwera tsiku la msika lililonse limene anali ndi katundu. Ankakhala pampando womwe uja, chipewa pabondo, n'kundiuza zolemba. Makalata awo anali aatali. Ankanena za mvula, za amene wamwalira, za amene wakwatiwa, za denga la tchalitchi limene linkadontha, ndipo sankalola kuti ndidumphe moni wa munthu aliyense. Ndikafupikitsa chiganizo ankazindikira powerenga, n'kundibwezeretsa. Anayambanso kubweretsa anzawo. Anabwera ndi mkulu wina amene mwana wake anasowa ku Joni zaka zambiri, ndipo ngakhale mwanayo sitinamupeze, awiriwo anakhala tsiku lonse akundipatsa mayina a malo oti ndifunse. Mayi wa kabichi uja nayenso analembera mlongo wake, koma anandiuza kuti ndiphimbe zilembo za pamwamba ndi dzanja pamene iye akuyankhula.

Makompyutawo anakhala zaka zingapo. Kenako anthu anayamba kuyenda ndi zonsezo m'matumba mwawo pa mafoni, ndipo pa mipando yathu panayamba kukhala fumbi. Abwana anagulitsa imodzi kwa aphunzitsi ena, ina inangofa yokha, ndipo pamalopo anaikapo shelefu ya sopo ndi shuga. Ine ndinapeza ntchito ya ukalaliki pa sukulu ina pafupi ndi kwathu.

Mwana wa mng'ono wanga uja anabwera kumudzi koyamba ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Chichewa ankachimva koma poyankha ankachita manyazi, ndipo ankaopa mbuzi. Tsiku lachiwiri bambo anamutenga kupita naye kudimba, atamupatsa kakhasu kamene anachita kumusulitsira. Anabwerako dzuwa lili pamutu, matope mpaka m'mawondo, nsapato imodzi itatsala m'ngalande. Mayi ake anayamba kukalipa, koma mwanayo sanamve n'komwe. Anali atanyamula mbatatesi zisanu m'diresi lake, ndipo anaumirira kuti zimenezo zokhazokha ndi zimene adye. Bambo anabwerera okha kudimba kukafuna nsapatoyo, ndipo anaipeza patapita masiku awiri, itadzaza madzi, muli kachule.